Nkhope ya Ackson pa Nsalu Yoyera

Ku Kafue Estates maliro akagwa, anthu sayamba ndi kufunsa za bokosi. Amayamba afunsa ngati Ba Felistus Mwanza amva, chifukwa iwo ndiwo oyambitsa nyimbo. Kuimba amaimba aliyense, ngakhale uja mawu ake amathawitsa nkhuku, koma kuyambitsa ndi ntchito ina. Umayenera kudziwa pamene kulira kwafika pofuna nyimbo yoti ikunyamule, ndi pamene anthu atopa moti ukaponya nyimbo yaitali agona nayo. Ba Felistus amazidziwa zimenezi. Ndi amayi aafupi, a mawu aakulu kuposa thupi lawo, ndipo masiku opanda maliro amakhala pamsika kugulitsa nsomba zouma za ku Chanyanya.

Koma kwa zaka zambiri panali chinthu chimodzi chimene anthu anachizolowera osachimvetsa. Ikafika nthawi yoona nkhope, bokosi litatsegulidwa, anthu atandanda pamzere, Ba Felistus ankatsinzinira mnzawo Ba Eunice kuti alandire nyimbo, iwo n'kutuluka. Ankakaima kuseri kwa tchalitchi, maso ali ku utsi wa fakitale ya feteleza, mpaka amve kuti bokosi latsekedwa. Ena ankati ndi mantha, ena ankati ndi matenda a mtima. Anthu a ku Kafue sasowa chonena, ndipo akasowa amapeka. Palibe amene anawafunsa eni ake.

Iwo anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ali mtsikana, atakwatiwa ndi Ackson Mwanza, wa ku Katete komweko, mwana wa munthu wa ntchito ya njanji. Ackson ankagwira ntchito m'fakitale ya nsalu, masiku aja belu likalira msewu wonse unkadzaza njinga. Anali mnyamata wanthabwala koma wamanyazi, ndipo anali ndi kachizolowezi kamene mkazi wake ankamuseka nako tsiku ndi tsiku. Akachita manyazi ankadutsitsa dzanja kuseri kwa mutu n'kukadzikanda khutu la mbali inayo, ngati kuti lapafupilo ndi la eni.

Ntchito itayamba kuchepa m'fakitale, Ackson anali m'gulu la amene anauzidwa kuti akapume. Anapita ku Chanyanya kukayesa usodzi, munthu wa ku Katete, amene madzi aakulu omwe ankawadziwa anali a m'dambo. Nyengo ya mvula, mtsinje utasefukira, bwato linagubuduzika. Mnzake amene anali naye m'bwatomo anagwira bango n'kupulumuka. Ackson anamufunafuna mpaka asodzi anagwa ulesi, ndipo akuluakulu anagamula kuti maliro achitike monga amachitira munthu akasowa m'madzi. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'ovololo yake ya kuntchito, n'kuliika m'bokosi. Bokosilo silinatsegulidwe, pakuti munalibe nkhope yoti anthu aone. Ba Felistus anaponya dothi m'manda mwana wawo Thokozile ali kumsana.

Maliro atatha, abale a mwamuna anapakira bedi, wailesi ndi sutikesi, kupita nazo kumudzi. Zithunzi zonse za ukwati zinali m'sutikesimo. Chitupa cha Ackson, chokhala ndi kachithunzi kake, chinapita naye m'madzi.

Nkhope ya Ackson sinachoke m'maganizo a Ba Felistus tsiku limodzi. Inayamba kufufutika pang'onopang'ono, maso kaye, kenako pakamwa. Mawu ake ankawakumbukira, fungo la thonje ndi mafuta a makina m'malaya ake ankalikumbukira, koma akati atseke maso amuone, pamalo a nkhope pankangokhala mbee. Ankayesa kuimanganso ndi zobwereka. Ankatenga imvi za Ba Zakeyo Tembo, mnzake wa Ackson wa pamakina, n'kuwonjezera makwinya a bambo wina wa kutchalitchi, koma chotulukapo sichinali Ackson. Thokozile akafunsa kuti bambo ake ankaoneka bwanji, ankamuyankha kuti, “Monga iwe chabe,” osadziwa ngati akunena zoona. Ichi ndicho chinkawatulutsa m'tchalitchi. Akaona mkazi mnzawo akuwerama pa nkhope ya mwamuna wake ankachita nsanje, ndipo nsanjeyo inkawachititsa manyazi.

Chaka chatha, nyengo yozizira, pamsika panafika Yande, mtsikana wobadwira ku Estates komweko amene tsopano amakhala ku Lusaka. Amapanga mafilimu amene ngakhale amayi ake satha kufotokozera anansi kuti ndi a chiyani. Anapinda maondo pang'ono patsogolo pa thebulo la nsomba.

“Muli shani, Ba Felistus?”

“Bwino, mwana wanga. Ufuna nsomba ziti?”

“Sininabwelele nsomba. Nabwelela mau yanu.”

Anafotokoza kuti m'kabati ya holo yakale ya kalabu ya antchito anapezamo zitini za filimu yojambulidwa kalekale m'fakitale ya nsalu. Chinyezi chinalowamo, filimuyo inachita chuku. Wina aliyense akanaitaya, koma Yande anati chukucho n'chokongola, ndipo anaisakaniza ndi zithunzi zatsopano za mtsinje zimene anajambula yekha. Filimuyo inalibe mawu. Ankafuna kuti oimba aziimba pomwepo, zithunzi zikuyenda.

“Manje nkhani yake ni yabwanji?” anafunsa Ba Felistus.

“Ilibe nkhani.”

“Nanga bokamba?”

“Kulibe bokamba.”

“Manje bantu bazatamba chani mu filimu iyo?”

“Bazatamba chabe. Imwe muzayimba vamene muona.”

“Nionese poyamba, niziwe nyimbo yoyenelela.”

Yande anapukusa mutu. Anati oimba ake saona filimu mpaka tsiku lenilenilo, chifukwa iye amafuna mawu otuluka munthu akadzidzimuka, osati okonzeratu kunyumba. Ba Felistus anangoti m'mtima, ana a ku Lusaka ali ndi nthawi. Anali pafupi kukana pamene funso lina linawatuluka lokha.

“Muli bantu mu filimu iyo?”

“Bambili. Banchito ba mu fakitale, bali pa mamashini.”

Ba Felistus anasiya kusanja nsomba. Zaka zimene Yande anatchula zinali zomwezo zimene Ackson ankagwira ntchito mmenemo.

Wina akanasangalala. Iwo anagwidwa mantha amene sanawamvepo chimwalirire mwamuna wawo. Bwanji ngati Ackson alimo, n'kudutsa pamaso pawo, iwo osamuzindikira? Bwanji ngati Ba Zakeyo ataloza kuti uyo Ackson, iwo maso ali pa mwamuna wa eni, Estates yonse ikuona? Anauza Thokozile kuti sapita, mawondo akuwawa. Thokozile, amene tsopano ndi mayi wa ana awiri ndipo amakwera basi m'mawa uliwonse kukagwira ntchito m'sitolo ku Lusaka, anawayang'ana nthawi yaitali.

“Bamayi, ngati batate balimo, ine nifuna nibaone. Nanga azanionesa ni ndani ngati si imwe?”

Ba Felistus anavomera, mtima uli m'mwamba.

Filimu inaonetsedwa Loweruka masana m'holo yomwe ija. Mawindo anawatseka ndi makatoni ndi matumba a feteleza, kutsogolo anapachika nsalu yoyera yaikulu, ndipo popeza magetsi anali atathima monga mwa masiku onse, jenereta inkalira kuseri. Anthu anadzaza. Kunali a ku Lusaka, a magalasi aakulu ndi mabuluku ong'ambika dala. Kunali madoda amene kale ankagwira m'fakitale, atavala majekete onunkha sutikesi, Ba Zakeyo ali pakati pawo ndi chipewa chawo. Kunali amayi a pamsika. Achinyamata a tchalitchi cha Pentekosite anabwera chifukwa Elijah, woimba gitala wa kwawo, anali m'gulu la oimba, koma anakhala pafupi ndi khomo kuti zikayamba kuoneka za ziwanda asavutike kutuluka.

Oimba anawakhazika pambali pa nsalu. Elijah anagoneka gitala pamiyendo, m'dzanja atagwira botolo. Bambo wina anali ndi mgolo wodula pakati, wodzaza madzi, ndi nkhafi yaifupi. Ba Felistus anapatsidwa mpando ndi maikolofoni, ndipo anakhala mowongoka ngati ali kuchipatala. Yande anakhala kumbuyo kwa anthu ndi laputopu, chifukwa filimuyo ankaiyendetsa ndi dzanja, kuifulumizitsa kapena kuichedwetsa malinga ndi mmene oimba akupitira.

Chitseko chinatsekedwa, m'holo munada, kenako nsalu inayera.

Poyamba Ba Felistus sanadziwe chimene akuona. Kunali kubiriwira kogwedezeka, kuwala kukutsikira pansi m'mizeremizere. Bambo wa mgolo anamiza nkhafi m'madzi, phokoso lake linadzaza holo yonse, ndipo apo m'pamene anazindikira kuti akuona mtsinje wa Kafue kuchokera pansi pake. Mizu ya udzu woyandama inkalendewera pamwamba pawo. Pansi pa bwato panadutsa, pakuda, mwakachetechete. Zaka zonsezi akhala akugulitsa za mumtsinje umenewu, akhala akuutukwana mumtima, koma sanaganizepo kuti m'kati mwake mungakhale mowala chonchi.

Elijah anayendetsa botolo pa nsambo, gitala inalira ngati munthu wakutali. Mlatho unaoneka chadodolido, sitima ikudutsa pansi pa mtambo. Akakowa anauluka chobwerera m'mbuyo. Mtsikana wina wodzikulunga ukonde wa nsomba anatulukira kutsogolo kwa nsalu n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, madzi a pansalu akuyenda pathupi pake. Achinyamata a pakhomo aja anayang'anizana, koma palibe anatuluka.

Ba Felistus anangozindikira kuti ayamba kale kuimba. Sinali nyimbo ya m'buku, sinali ya maliro, inalibe ndi mawu omwe. Inali kung'ung'udza kotuluka pansi pa chifuwa, kukwera madzi akamawala, kutsika akamada. Moyo wawo wonse ankaimba podziwa mzere wotsatira. Apa sankadziwa, ndipo zinawadabwitsa kuti mawu awo ankadziwa okha kolowera.

Ndiye chuku chinayamba. Madontho ofiira ndi achikasu anaphukira pansalu, kukula, kuphulika, kudyana okhaokha. M'kati mwa moto umenewo munatuluka ulusi, mizere yambirimbiri yoyera ikuthamanga, kenako makina, kenako anthu. Madoda a majekete anasuntha pamipando. Ba Zakeyo anayamba kutchula mayina chapansipansi, mmodzimmodzi, amoyo ndi akufa omwe. Bambo wa mgolo anasiya madzi n'kuyamba kumenya chitsulo ndi zikhatho, ndipo kugunda kwake kunali kwa makina enieni, moti mdala wina anatseka maso n'kumagwedeza mutu.

Nkhope zinkabwera mofulumira, n'kupita. Wina wa chipewa, wina wa ndevu, wina woseka, wina chuku chitamudya theka. Ba Felistus ankaimbabe. Aliyense akanatha kukhala Ackson. Uyu kodi? Kapena uja wapita? Ankamvetsera pakamwa pa Ba Zakeyo, koma phokoso la mgolo linakula, mayina sankamvekanso. Mumtima anati basi, wadutsa, ndipo ine mkazi wake sindinamuone. Anaganiza za Thokozile amene anakhala mzere wachiwiri, akudikira kuti amayi ake aloze.

Pansalu panatulukira munthu wooneka kumsana, atanyamula mpukutu wa nsalu paphewa. Zikuoneka kuti wina anamuitana, chifukwa anaima. Asanacheuke n'komwe, dzanja lake linakwera, linadutsa kuseri kwa mutu, n'kukakanda khutu la mbali inayo.

Mawu a Ba Felistus anaduka pakati.

Yande anamva kudukako. Sanadziwe chifukwa chake, koma dzanja lake linachedwetsa filimu, ndipo munthuyo anatembenuka pang'onopang'ono, tsaya kaye, kenako diso, kenako nkhope yonse. Pamenepo anaimitsa. Chuku chinali chitadya phewa, mpukutu ndi makina onse a kumbuyo, koma nkhope chinaisiya. Inadzaza nsalu kuchokera pamwamba mpaka pansi, ikumwetulira mwamanyazi.

Gitala inaleka, mgolo unaleka. M'holo munangotsala kulira kwa jenereta.

“Uyu ni Ackson Mwanza,” anatero Ba Zakeyo, osakweza mawu. Anavula chipewa.

Ba Zakeyo anali mmodzi mwa amene ananyamula bokosi la thunthu la nthochi lija. Anaimirira, mawondo akulira, anagwirizira chipewa pachifuwa, n'kuyenda kupita kutsogolo. Anafika pansalu, anaima pang'ono, anayang'ana nkhopeyo, anaweramitsa mutu, n'kupitirira kutulukira mbali inayo. Mdala wachiwiri anali ataimirira kale. Ataona kuti mthunzi wa Ba Zakeyo unaphimba nkhope, iye anadutsa chowerama, ndipo onse obwera pambuyo anachita chimodzimodzi. Palibe analengeza, palibe analamula. Amuna anandanda m'mbali mwa khoma, amayi a pamsika anamanga bwino zitenje n'kundanda pambuyo pawo. Anthu anabwera kudzaonera filimu, koma pamaso pawo panali nkhope ya munthu amene anamuika m'manda osamuona, ndipo aliyense wa iwo ankadziwa chimene chimachitika nkhope ikaonekera.

Mzere woona nkhope suyenda wopanda nyimbo. Ba Felistus anamva mapazi akukhwekhwereza pasimenti, ndipo pakamwa pawo panatseguka pokha. Anayambitsa nyimbo yomwe ija imene kwa zaka zonsezi ankaisiyira mnzawo. Amayi anaivomera, madoda anaika mabesi awo otha, Elijah anafufuza pa gitala mpaka anaipeza n'kuyenda pansi pake mofatsa.

A ku Lusaka anayesa kuti ndi mbali ya chionetsero. Anatulutsa mafoni, wina mpaka ananong'oneza mnzake kuti Yande wakonza bwino. Koma ataona mdala akupukuta misozi ndi chipewa, mafoni anabwerera m'matumba, ndipo ena a iwo anaimirira n'kulowa pamzere. Achinyamata a pakhomo analowa nawo. Mtsikana wa ukonde uja anauvula, anaupinda, n'kukaima kumapeto. Yande anachotsa manja pa laputopu n'kuwaika pamiyendo. Anali atakhala miyezi ndi filimuyo, ankadziwa dontho lililonse la chuku, koma ichi sanachiganizirepo.

Abale amaona nkhope pomaliza. Mzere utatsala pang'ono kutha, Ba Eunice anabwera n'kulandira nyimbo pakamwa pa Ba Felistus monga ankachitira nthawi zonse, koma lero sikunali koti atuluke. Amayi awiri anawagwira mikono uku ndi uku, mmene amagwirira mkazi wamasiye, Thokozile ali pambali. Kuchoka pampando kufika pansalu panali pafupi, koma anayenda ngati akuwoloka madzi.

Anakweza maso.

Mphuno inali ya Thokozile, ndiye kuti zaka zonsezi sankanama. Panali mpata pakati pa mano akutsogolo, umene anali atauiwaliratu. Panali kachipsera pamwamba pa nsidze, ndipo atangokaona anakumbukira kuti kanali ka njinga, tsiku limene anawakweza koyamba n'kukagwera nawo m'ngalande. Zonse zinabwerera nthawi imodzi, moti anadabwa kuti zinali kubisala kuti. Koma chimene chinawakhudza koposa chinali china. Pankhopeyo panalibe khwinya ngakhale limodzi. Tsitsi linali lakuda bii, masaya osalala, khosi lowonda ngati la mwana wa sukulu.

“Ni batate aba?” anafunsa Thokozile monong'ona.

“Ni beve. Ni bashi Thoko.”

Ba Felistus anayang'anabe nkhopeyo. Kenako anacheukira mwana wawo, anaona timizere tam'mbali mwa maso ake, tsitsi limodzi loyera pamwamba pa khutu, n'kubwereranso kunsalu.

“Ine nenze kufunafuna nkhalamba,” anatero. “Nenze kumukulisa pamozi na ine. Kansi anali mwana chabe. Iwe Thoko ndiwe mukulu.”

Thokozile anagwira pakamwa. Ba Felistus anamasula mkono umodzi kwa amayi owagwira, anatambasula dzanja n'kuliika pansalu, patsaya. Nsaluyo inagwedezeka pang'ono, nkhope inagwedezeka nayo, ndipo kuwala kwa tsayalo kunakhala pa zala zawo zolimba ndi mchere wa nsomba. Analira pamenepo, kulira kwa mkazi wamasiye kumene kunadikira zaka zonsezi, ndipo palibe anawafulumizitsa. Ba Eunice anabwereza nyimbo kuyambira pachiyambi.

Atatha, anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Anatembenuka, anatchinga maso ndi dzanja chifukwa cha kuwala, n'kufunafuna Yande kumbuyo kwa anthu.

“Manje tseka, mwana wanga,” anatero. “Naona.”

Yande anakhudza laputopu. Ackson anatsitsa dzanja kuchoka kukhutu, anakonza mpukutu paphewa, n'kuyenda kulowa m'madontho ofiira aja. Mtsinje unabweranso pansalu, wobiriwira, wowala kuchokera pamwamba. Ba Felistus anabwerera pampando wawo, anakokera maikolofoni pafupi, ndipo anaimba mpaka filimu inatha.